Khirisimasi ya pa 7 Januwale: zomwe zinandichitikira ndi kalendala ya mpingo ku Ethiopia

Lisiti loyamba lomwe ndinalandira ku Ethiopia linali la lendi ya nyumba, ndipo pamwamba pake panalembedwa deti la 21/12/2010, chonsecho tsikulo linali Lolemba pa 27 Ogasiti 2018. Ndinali nditangotha masiku atatu mu mzinda wa Addis Ababa, kumene bungwe lomwe ndinkagwirako ntchito ya zaulimi linanditumiza kuti ndikakhale miyezi khumi, ndipo popeza ndalama za lendizo zinali zoti ndidzafotokoze ku ofesi kwathu momwe zinayendera, ndinabwerera kwa mayi eni nyumba kukawapempha mwaulemu kuti akonze cholakwikacho. Mayiwo anali achikulire ndithu ndipo Chingerezi chawo chinali chongokwanira kumvana ndi alendi. Anayang'ana pepalalo, anayang'ananso ine, kenaka anati: "Mwana wanga, apa palibe cholakwika. Lero ndi pa 21 mwezi wa Nehase, ndipo chaka cha 2011 chiyamba pakapita milungu iwiri." Ndinabwerera m'chipinda changa ndili kakasi, lisiti lili m'manja.

Ndaganiza zolemba zimenezi chifukwa Amalawi ambiri amapita ku Addis Ababa masiku ano, ena ku misonkhano ya African Union, ena kuntchito kapena kusukulu, koma ndi ochepa amene amauzidwa asananyamuke kuti m'dzikomo tsiku, ola, chakudya cha pa tsikulo ngakhalenso misewu yomwe idzakhale yotseguka zimayendera kalendala ya mpingo wa Ethiopian Orthodox Tewahedo. Ine ndinakonzekera bwino za viza, za katemera ndi zovala za mphepo, pakuti mzindawu uli pamtunda wa mamita oposa 2,300 ndipo usiku kumazizira kuposa kwathu ku Dedza m'mwezi wa Juni, koma manyazi onse omwe ndinachita m'miyezi khumiyo anachokera pa kusadziwa nyengo za mpingo.

Mnzanga wina wa ku ofesi ndiye anandikhazika pansi n'kundilongosolera. Chaka cha ku Ethiopia chili ndi miyezi 13, ndipo miyezi 12 yoyambirira ili ndi masiku 30 uliwonse, pamene wotsirizawo, wotchedwa Pagume, uli ndi masiku asanu okha, kapena asanu ndi limodzi kamodzi pa zaka zinayi zilizonse. Chaka chimayamba pa 11 Seputembala, koma chimasunthira pa 12 ngati Febuluwale wotsatira adzakhale ndi masiku 29. Kusiyana kwa zaka kunabwera chifukwa akatswiri a mpingo wa ku Alexandria, omwe mpingo wa ku Ethiopia unawatsatira, anawerengera nthawi ya kubadwa kwa Yesu mosiyana ndi mmonke Dionysius Exiguus, yemwe mawerengedwe ake ndiwo tikugwiritsa ntchito ifeyo. Njira yachidule yomwe anandiphunzitsa, imene sinandigwiritsepo mwala, ndi yakuti kuyambira pa 11 Seputembala mpaka kumapeto kwa Disembala uchotse 7 pa chaka chathu, ndipo kuyambira Januwale mpaka kumayambiriro kwa Seputembala uchotse 8. N'chifukwa chake iwo anakondwerera kulowa chaka cha 2000 pa 12 Seputembala 2007, ife titaiwala kale za chikondwerero chimenecho. Chinandichititsa chidwi n'chakuti zakazo zimatchulidwanso ndi mayina a olemba Mauthenga Abwino anayi, mosinthanasinthana, ndipo chaka cha Luka ndicho chimakhala ndi tsiku lowonjezera. Chaka cha 2011 chomwe ndinakhala kumeneko chinali cha Luka.

Za masikuzo ndinazimva, koma mnzangayo anaiwala kundiuza za maola, mwina chifukwa kwa iye zinali zosafunika kufotokoza. Pa tsiku la chaka chatsopano, lomwe amalitcha Enkutatash, pamene mvula yawo yaikulu imakhala ikutha ndipo mapiri ayamba kuchita chikasu ndi maluwa a adey abeba, iye anandiitanira kunyumba kwa makolo ake nati ndifike 7 koloko. Ndinkaganiza kuti ndi chakudya chamadzulo, choncho ndinakhala tsiku lonse m'nyumba ndikuchapa ndi kusita, foni ili kuchipinda, ndipo ndinakagogoda pakhomo pawo kutada. Ndinapeza alendo onse atabalalika, mbale zitatsukidwa, bambo a pakhomopo akusinza pampando. Iwo amayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka, moti 7 koloko m'mawa yathu ndi 1 koloko yawo, masana dzuwa lili paliwombo ndi 6 koloko, ndipo 7 koloko yomwe anandiuzayo inali 1 koloko masana. Anandidikira mpaka njala inawagonjetsa. Amene anakhalako ku Tanzania saona chachilendo pamenepa, popeza Chiswahili chimawerenganso chimodzimodzi, koma ine ndinali ndisanazimvepo. Kuchokera tsiku limenelo, munthu akanditchulira nthawi ndinkamufunsa kuti akunena nthawi ya ku Ethiopia kapena yachizungu, ndipo funsoli silikhumudwitsa aliyense chifukwa iwo eni amafunsana akamapangana ndi mlendo. Phindu lomwe ndinapeza pa manyazi amenewa n'lakuti ndime za m'Baibulo zomwe ndinkangoziwerenga chiwerengere zinayamba kumveka. Marko akamati Yesu anapachikidwa pa ola lachitatu, ndipo kunagwa mdima kuyambira ola lachisanu ndi chimodzi mpaka lachisanu ndi chinayi, mwana aliyense wa ku Addis Ababa amadziwa popanda womumasulira kuti akunena 9 koloko m'mawa, 12 koloko masana ndi 3 koloko masana.

Patangopita milungu iwiri kunabwera Meskel, chikondwerero chokumbukira kupezeka kwa mtanda wa Yesu, chomwe chimakhala pa 27 Seputembala, kapena pa 28 ngati chaka chawo chayamba pa 12. Mwambo wawo umanena kuti Mfumukazi Helena, mayi wa Mfumu Constantine, anakoleza moto ku Yerusalemu ndipo utsi wake unamulozera pomwe mtandawo unakwiriridwa. Pokumbukira zimenezo, madzulo a pa 26 amayatsa chimulu chachitali cha mitengo chotchedwa demera pa bwalo la Meskel Square, ndipo timilu tina ting'onoting'ono timayaka m'makwalala onse a mzindawo. M'mawa mwake ndinakumana ndi anthu ambiri atajambula mtanda pachipumi ndi phulusa la motowo. Ofuna kukaonerera afike masana ndithu ndipo akhale okonzeka kuyenda pansi, chifukwa misewu yonse yolowera ku bwalolo imatsekedwa dzuwa likadali m'mwamba.

Cholakwa chomwe chimandiwawabe mpaka lero ndinachichita pa 25 Disembala. Tsikulo linali Lachiwiri, pa 16 Tahsas mwa kuwerenga kwawo, ndipo linali tsiku la ntchito monga lina lililonse, ana akupita kusukulu, maminibasi odzaza, popanda ngakhale nyimbo imodzi ya Khirisimasi. Mayi a kunyumba atandiimbira foni m'mawa n'kumva kuti ndili pa desiki, anandifunsa modabwa kuti: "Abambo, kodi kumeneko n'kwa Akhristu ndithu?" Ndinaseka, pakuti Chikhristu chinakhazikika m'dzikolo m'zaka za m'ma 300, pa nthawi ya Mfumu Ezana ya ku Axum ndi bishopu woyamba Frumentius, zaka zoposa 1,500 Livingstone asanaone nyanja yathu. Komabe mtima unali kumudzi, ndikuganizira za mpunga wa nkhuku, mvula ikugwa padenga ndi ana atavala zatsopano, choncho ndinaitana anzanga asanu ndi awiri a ku ofesi kuti adzadye nane madzulo. Ndinagula nkhuku ziwiri, ndinazizinga ndekha, ndinaphika mpunga ndiponso nsima ya ufa woyera womwe ndinachoka nawo kwathu n'kumausunga ngati mankhwala.

Alendo anabwera onse, anayamikira fungo la ndiwo, koma nditavundukula mbale m'chipindamo munangoti zii. Asanu mwa iwo anali a Orthodox, ndipo anali pakati pa kusala kwa Aneneri, komwe kumayamba kumapeto kwa Novembala n'kutha masiku oposa 40 mpaka pa Khirisimasi yawo. Pa nyengo yosala sadya nyama, mazira, mkaka, batala kapena chilichonse chochokera ku chiweto, ndipo olimbikira salawa kanthu mpaka 3 koloko masana. Wachisanu ndi chimodzi anali Msilamu, yemwe sakanadya nkhuku yozingidwa ndi ine, ndipo apa n'zosasiyana ndi kwathu, kungoti kumeneko nkhaniyi ndi ya mbali zonse ziwiri, moti mabutchala amaika chizindikiro cha mtanda kapena cha mwezi pakhomo kuti wogula adziwe kolowa. Anatsala mnyamata mmodzi wa mpingo wa Chilutera wa Mekane Yesus, amene anadya nkhukuyo mwamanyazi enawo akumuyang'ana. Ndinali nditathiranso batala mu mpunga, choncho nawonso unali woletsedwa. Amene anandiwombola anali mayi eni nyumba aja, omwe atamva zomwe zachitika anabweretsa injera, mkate wawo wopyapyala wowawasa wa ufa wa teff, pamodzi ndi mphika wa shiro, ndiwo ya ufa wa tchana yomwe imafananako ndi chipere chathu. Alendowo anadya nsima ndi shiro ndipo anaikonda, koma ine ndinadya nkhuku yotsalayo ndekha masiku anayi. Mayiwo pochoka anandiuza kuti: "Mwana wanga, ukafuna kuphikira anthu uziyamba wandifunsa tsiku." Kuwonjezera pa nyengo zazitalizo, pafupifupi Lachitatu ndi Lachisanu lililonse ndi masiku osala, kupatula masiku 50 otsatira Pasaka, kotero amene akukonza msonkhano wokhala ndi chakudya awerengere zimenezi ndipo aitanitse yetsom beyaynetu, mbale ya injera yokhala ndi ndiwo zosiyanasiyana za masamba ndi nyemba, yomwe aliyense angathe kudya.

Khirisimasi yeniyeni, yomwe amaitcha Genna kapena Lidet, imakhala pa 29 Tahsas, lomwe ndi 7 Januwale. Kusiyana kumeneku, komwe tsopano ndi kwa masiku 13, kunayamba pamene Papa Gregory XIII anakonza kalendala mu 1582, mipingo yambiri ya kummawa n'kupitiriza ndi mawerengedwe akale. Anzanga aja, mwina pondimvera chisoni, anandiuza kuti ngati ndikufuna kuona Genna ndipite ku Lalibela, tauni ya kumapiri a chigawo cha Amhara komwe kuli matchalitchi 11 osemedwa m'thanthwe. Ndinachedwa kukonzekera, ndipo pofika nthawi imeneyo malo ogona anali atatha kalekale, otsalawo mitengo yake itakwera kangapo. Ndinapeza mpando pa ndege mwamwayi chabe, ndipo kogona ndinakapeza m'kachipinda ka banja lina lomwe mnzanga ankadziwana nalo. Amene akufuna kudzapitako pa nyengo imeneyi asungitse malo miyezi ingapo isanakwane, ndipo adziwe kuti bwalo la ndege lili pa mtunda woposa makilomita 20 kuchokera m'tauni, msewu wake wokwera phiri.

Zithunzi zomwe ndinaona ndisanapite sizinandikonzekeretse mokwanira. Matchalitchiwo sanamangidwe ndi njerwa kapena miyala yosanjikiza. Amisiri anayambira pamwamba pa thanthwe n'kukumba ngalande yakuya mozungulira, mpaka pakati patatsala chimwala chimodzi, kenaka anagoba mkati mwa chimwalacho zitseko, mazenera, zipilala ndi denga. Munthu ukamayenda pamtunda suona nyumba iliyonse mpaka utafika m'mphepete mwa dzenje n'kuyang'ana pansi. Bete Giyorgis, tchalitchi cha Jiyoje Woyera, chili ngati mtanda ukachiyang'ana kuchokera pamwamba, ndipo chinalowa pansi mamita oposa 10, pamene Bete Medhane Alem, chachikulu pa onse, chimaposa mamita 30 m'litali. Mbiri imati ntchitoyi inachitika mu ulamuliro wa Mfumu Lalibela, cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1100 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1200, ndipo cholinga chinali chomanga Yerusalemu watsopano kuti anthu asamavutike ndi ulendo woopsa wopita ku Yerusalemu weniweni. N'chifukwa chake kamtsinje kodutsa pakati pa matchalitchiwo kamatchedwa Yordanos, ndipo pali malo otchedwa Golgotha. Wansembe wina anandiuza mosakayika konse kuti masana ankasema ndi anthu, usiku n'kupitiriza angelo, ndipo ine ngakhale ndinakulira mu CCAP, momwe nkhani zotere timazimvera patali, sindinapeze mphamvu yotsutsana naye nditaima pansi pa denga limenelo. Bungwe la UNESCO linaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1978.

Komabe chomwe chinandigwira mtima kwambiri chinali anthu. Zikwizikwi za alendo achipembedzo zinali zitadzaza tauniyo, ambiri a iwo alimi a kumidzi omwe anayenda pansi masiku angapo, ena milungu, atanyamula ndodo, kathumba ka balere wokazinga ndi nsalu yoyera yofunda. Ankagona panja m'mbali mwa mapiri usiku wozizira koopsa, ndipo ndinaona anthu a m'tauniyo akusambitsa mapazi a ofika kumene, mapazi ong'ambika ndi ulendo, monga Yesu anachitira ndi ophunzira ake. Pamenepo ndinazindikira kuti tikiti yomwe ndinagula pa madola 50 inali yongondilola kulowa pachipata, koma eni malowo anali anthu amenewa, ndipo ine ndinali mlendo pakati pa mapemphero awo. Ndinaona azungu ena akuyandikiza makamera kumaso kwa agogo omwe akupemphera, ndipo ndinachita manyazi pokumbukira kuti nanenso m'mawa mwake ndinachita zomwezo ndi foni yanga.

Malamulo a pamalopo ndi osavuta ukawadziwiratu. Nsapato zimavulidwa pakhomo la tchalitchi chilichonse, ndipo popeza umalowera khomo lina n'kutulukira lina, ndi bwino kukhala ndi kathumba kozinyamuliramo kapena kupangana ndi anyamata omwe ntchito yawo ndi yosunga nsapato. Masokosi okhuthala amathandiza chifukwa mwala umazizira ndipo m'makapeti akale simulephera kukhala nthata. Amayi amafunda kumutu, ndipo amuna ndi akazi omwe amafunda nsalu yoyera yopyapyala yotchedwa netela, yomwe ndinagula pamsika ndipo inandithandiza kuti ndisaoneke ngati khwangwala pakati pa akakowa. Amuna amaima mbali yawo, akazinso mbali yawo. Mkati mwa tchalitchi chilichonse muli chipinda chotchingidwa ndi nsalu, chotchedwa maqdas, momwe amaloledwa kulowa ansembe ndi madikoni okha, ndipo ngakhale kusuzumira kumene n'kulakwa kwakukulu. Ife a Chichewa sitifunika kutiuza kawiri za malo osalowa munthu wamba. M'tchalitchi cha Bete Golgotha akazi saloledwa, monga zililinso m'tchalitchi chakale cha Mariya wa ku Ziyoni ku Axum ndi kunyumba ya amonke ya Debre Damo, choncho banja loyendera limodzi lidziwiretu kuti pena lidzasiyana pakhomo. Wansembe akakutambasulira mtanda wa m'manja, mwambo ndi wakuti uugunditse pachipumi n'kuupsompsona, koma amene chikumbumtima chake sichimulola angowerama mwaulemu ndipo palibe amene angamukakamize. Mgonero ndi wa a mpingowo okha.

Mapemphero a Genna anayamba madzulo a pa 6 Januwale n'kuchezera usiku wonse. Mipando kulibe, ndipo n'chifukwa chake oimba ndi okalamba amatsamira ndodo yaitali yotchedwa mequamia, yomwe amaigwiritsanso ntchito potsogolera kayendedwe ka nyimbo. Nyimbozo ndi za m'chinenero cha Ge'ez, chomwe anthu sachilankhulanso kunyumba koma mpingo unachisunga, ndipo maimbidwe ake amati anawayambitsa ndi Yared Woyera m'zaka za m'ma 500. Ng'oma zazikulu za kebero zimayamba pang'onopang'ono ngati kugunda kwa mtima, timaseche tachitsulo ta tsenatsil tikuyankha, kenaka liwiro limakwera mpaka amayi onse atayamba nthungululu, zomwe sizisiyana n'komwe ndi za amayi a kwathu. Ndinaima pafupifupi maola asanu ndi awiri nditapanikizika pakati pa anthu osawadziwa, ndipo cha m'ma 3 koloko usiku miyendo itayamba kunjenjemera, bambo wina wokalamba anandipatsa ndodo yake popanda kunena mawu alionse. Kutacha, ansembe ndi madikoni ovala zoyera ndi zamawangamawanga anandanda m'mphepete mwa thanthwe pamwamba pa bwalo la Bete Maryam, ena ali pansi m'bwalomo, akuyankhana nyimbo uku akuweyuka pamodzi, ndipo anandifotokozera kuti a pamwambawo akuimira angelo, a pansiwo anthu a pa dziko. Pamenepo m'pamene ndinamva kuti Khirisimasi yanga yakwana, ngakhale inachedwa masiku 13. Masana banja lomwe linandisunga linandipatsa doro wat, nkhuku yophikidwa ndi anyezi wambiri, tsabola wa berbere ndi mazira owiritsa, ndipo nyama ya ng'ombe inachokera ku kircha, komwe mabanja oyandikana amasonkherana ndalama n'kugula ng'ombe imodzi yogawana, monga momwe timachitira kumudzi pa zikondwerero.

Patatha masiku 12 kunali Timkat, chikumbutso cha ubatizo wa Yesu mu Yordano, chomwe chimakhala pa 19 Januwale, kapena pa 20 m'chaka chomwe Febuluwale ali ndi masiku 29. Ambiri amathamangira ku Gondar, ku dziwe la Mfumu Fasilides, koma ine ndinatsala mu Addis Ababa ndipo sindinadandaule. Kuti munthu amvetse Timkat ayenera kudziwa za tabot. Mpingowu umakhulupirira kuti Likasa la Chipangano lenileni lili ku Axum, komwe analibweretsa Menelik woyamba, mwana wa Solomo ndi mfumukazi ya ku Seba, ndipo limasungidwa ndi mmonke mmodzi yekha. Tchalitchi chilichonse chili ndi tabot yake, gome la mwala kapena la mtengo loimira magome a malamulo, ndipo popanda iyo nyumbayo sikhala tchalitchi. Masana a pa 18, tsiku lotchedwa Ketera, ansembe amatulutsa ma tabot atakulungidwa m'nsalu zonyezimira, atawasenza pamutu pansi pa maambulera a mitundumitundu, ndipo anyamata amathamanga kutsogolo akuyala makapeti ofiira mumsewu, n'kumanyamula a m'mbuyo kukawayalanso kutsogolo. Magulu ochokera m'matchalitchi osiyanasiyana amakakumana pa bwalo la Jan Meda n'kugona komweko, ndipo m'bandakucha madzi amadalitsidwa n'kuwazidwa pa khamu lonse, pena ndi mapaipi enieni. Ndinanyowa mpaka mkati, foni inapulumuka chifukwa mayi eni nyumba anali atandiuza kuti ndiikulunge m'pepala la pulasitiki. M'khamu lotere muli akuba a m'matumba monga kulikonse, choncho chikwama chisiyidwe kunyumba. Ndinkaganiza kuti zonse zatha pa 19, koma tsiku lotsatira ndinatsekeredwanso mumsewu maola awiri, chifukwa ma tabot a Mikayeli Woyera amabwerera pa tsiku lawolawo.

Mikayeliyo amakumbukiridwa pa 12 mwezi uliwonse wa ku Ethiopia, Gabrieli pa 19, Mariya pa 21, Jiyoje pa 23, ndipo pafupifupi tsiku lililonse lili ndi mwini wake. Zimenezi zimakhudza ngakhale wofuna nyumba ya lendi. Yanga inali pafupi ndi tchalitchi cha Gabrieli, ndipo pa tsiku lake zokuzira mawu zinkayamba usiku kukadali mdima wandiweyani, msewu n'kudzaza ndi ogulitsa makandulo ndi opemphetsa. Miyezi yoyamba ndinkadzuka wokwiya, koma pambuyo pake ndinazolowera, mpaka nyimbozo zinasanduka kalendala yanga.

Kusala kwakukulu, kotchedwa Hudade kapena Abiy Tsom, kumatenga masiku 55, ndipo mu 2019 kunayamba pa 4 Malichi. Mabutchala ambiri a Akhristu anatseka, ndipo ine ndinangolowa nawo m'kusalako, poyamba chifukwa chosowa pogwira, kenaka mwa kufuna kwanga. Pasaka yawo, Fasika, inali pa 28 Epulo, mlungu umodzi pambuyo pa yathu ya pa 21 Epulo, koma kusiyanaku sikukhala chimodzimodzi chaka chilichonse, pakuti zaka zina zimagwera tsiku limodzi ndipo zina zimatalikirana mpaka milungu isanu. Kwa iwo Fasika ndi yaikulu kuposa Genna. Anthu amachoka kutchalitchi cha m'ma 3 koloko usiku n'kukamasula kusala nthawi yomweyo, ndipo mayi aja anagogoda pachitseko changa kusanache ndi mbale ya nkhuku. Patangotha mlungu umodzi Asilamu, omwe ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a anthu a m'dzikolo, anayamba Ramadan, moti mu ofesi mwathu ena atangomasuka ena anayamba. Kalendala ya Chisilamu imayendera mwezi wa kumwamba ndipo chaka chake n'chachifupi ndi masiku pafupifupi 11, choncho masiku ake ayenera kufunsidwa chaka ndi chaka.

Ndiyenera kuchenjeza kuti zinthu zasintha kumpoto kwa dzikolo kuchokera pamene ndinachokako. Nkhondo ya ku Tigray yomwe inayamba mu Novembala 2020 inakhudza Axum kwambiri n'kufikanso ku Lalibela mu 2021, ndipo kuyambira 2023 m'chigawo cha Amhara mwakhala muli kumenyana. Amene akulingalira ulendo wa ku Lalibela, Gondar kapena Axum afunse kaye kwa anthu omwe ali komweko ndiponso ku ofesi ya kazembe wathu ku Addis Ababa asanalipire kalikonse.

Ndinabwerera kumudzi kumapeto kwa Juni 2019, ndipo kalendala ija inanditsatira mpaka ku Lilongwe. Nditapereka malisiti anga a lendi, a galimoto ndi a zinthu zina zing'onozing'ono, mayi wa ku ofesi yowerengera ndalama anandiitana n'kundifunsa kuti: "Achimwene, mukufuna tikubwezereni ndalama za 2011, pomwe nthawi imeneyo munali musanayambe n'komwe ntchito kuno?" Malisiti a m'mahotela ndi m'masitolo akuluakulu anali ndi madeti athu, koma olembedwa pamanja onse anali a Chiethiopia, ndipo limodzi linali la mwezi wa 13. Zinanditengera masiku awiri kukhala pansi ndi kalendala ya pakhoma yomwe mayi eni nyumba anandipatsa potsazikana, yokhala ndi madeti a mitundu yonse iwiri, n'kumalemba deti lathu kuseri kwa lisiti lililonse, ntchito yomwe ikanakhala ya kamphindi ndikanamaichita tsiku lomwelo polandira. Lisiti la Pagume lija analikana ndithu poyamba, mpaka nditabweretsa kalendalayo ku ofesi n'kuwaonetsa tsamba lake lomaliza, la mwezi wa 13.